Kodi Lyle Aima Pati Pamzere?

Koleji ya Brannock, Kansas
Lamulungu, 17 Ogasiti 1986

Okondedwa Amayi ndi Ababa,

Muli bwanji nonse kumeneko? Ine ndinafika bwino, kungoti kuno kukutentha moti munthu ukutuluka thukuta uli m'bafa momwemo. Kampu ya mpira wathu wogundana wa Chimereka uja inayamba Lachinayi, tikukonzekera kawiri pa tsiku, ndipo foni ya kuno kogona aitsekera m'kabati monga achitira chaka chilichonse mpaka sukulu itatsegulidwa. Ndiye tizingolemberana.

Nkhani ilipo. A Dunlap, kochi wa ife a mzere wakutsogolo otchinga adani kuti asafike kwa woponya mpira, ali ndi bolodi lawo la misomali lija pakhomo pa chipinda chovalira. Misomali isanu yapamwamba ndi ya anthu asanu oyamba masewero: takulo wakumanzere, gadi, senta pakati, gadi wina, takulo wakumanja. Isanu yapansi ndi ya odikira pa benchi. Aliyense ali ndi kathabwa kolembedwa dzina lake, ndipo m'mawa uliwonse timapita kukaona pomwe atipachika. Iwo sauza munthu kanthu, amangosuntha timatabwa.

Zaka zitatu kathabwa kanga kakhala pansi pa takulo wakumanzere, kudikira. Lachisanu ndinakapeza kali pa senta, pansi pa Kirby Stoll. Ndinayesa wina wachita chipongwe, ndiye ndinapita kwa iwo.

"Kochi, kathabwa kanga kasokera."

"Sikanasokere. Umatha kuwerenga mpaka pa seveni?"

"Eya."

"Ndiye wawaposa anzakowa. Tenga mpira."

Basi, kufotokoza kwake kunathera pomwepo. Amayi, senta ndi uja amawerama n'kupatsira woponya mpira kudzera pakati pa miyendo. Ine chiyambire kusewera, ntchito yanga yakhala kukankha anthu, mpirawo sindinaugwirepo. Dzulo ndinaugwetsa kasanu ndi kawiri, mpaka woponya wathu anandifunsa ngati ndadzola batala m'manja. Ndinene zoona, malo amenewa sindikuwafuna ngakhale pang'ono. Ine ndine takulo. Ndikadakhala wolimba mtima ndikadawauza a Kochi pamaso, koma mukundidziwa.

Ababa, sindinaiwale zomwe munanena, kuti tsiku lomwe ndidzayambe masewero mudzasiya nkhumba n'kubwera kudzaonera. Masewero oyamba ali pa 13 Seputembala. Chaka chino n'chomaliza, china kulibe, ndipo sindikudziwa kuti ndikulowera kuti.

Kodi mvula inagwa? Chimanga cha kuseri kwa njanji chikuoneka bwanji? Amayi, mukaphika makolache, timabanzi tanu tija, munditumizireko, makamaka a jamu wa mapichesi.

Mwana wanu,
Lyle

* * *

Skala, Nebraska
Lachinayi, 21 Ogasiti

Lyle mwana wanga,

Ife tonse tili bwino, kupatula bondo la bambo ako aang'ono, a Leonard, layambanso. Mlongo wako Marcy anabwera ndi ana Lamulungu, akukupatsa moni. Mvula inagwa Lolemba, yongonyowetsa fumbi. Makolache ndaika madazeni awiri, usadye onse tsiku limodzi.

Kalata yako ndaiwerenga katatu koma mutu wanga sukugwira. Ndinachita kundandalika zinthu zisanu pa tebulo: mchere, tsabola, shuga pakati, batala, ndi kapu ya bambo ako. Iwe unali mchere, tsopano ndiwe shuga. Ndiye ndinafunsa bambo ako kuti kodi kuchoka kumapeto kupita pakati si kukwezedwa? Ku kwaya woimba bwino timamuika pakati.

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Arlene, pakati amaikapo mwana wonenepa yemwe satha kuthamanga." Akuti nthawi yawo ku sekondale ya Skala, iwo ali takulo, senta anali Bud Hruska, ndipo anamuika pamenepo chifukwa ankadwala mphumu komanso bambo ake ndiwo anagula majezi. Atatero anatenga kapu yawo, mzere wanga n'kutsala ndi anthu anayi, ulendo wa ku khola.

Masiku awiri sanadye bwino. Ukudziwa kuti azibambo onse omwe amamwa nawo khofi m'mawa ku lesitilanti ya Rita amakutchula kuti "takulo wa Emil", ndipo zaka zitatu akhala akuwafunsa kuti uyamba liti. Tsopano asiya kupitako, akuti khofi wakumeneko wayamba kuwawa.

Chodabwitsa n'chakuti dzulo anandipempha pepala labwino, envulopu ndi sitampa. Bambo ako kulemba kalata. Yomaliza anandilembera ine mu 1959, mizere itatu, iwiri inali yonena za nyengo. Ndawafunsa kuti ikupita kuti, akuti n'za ntchito. Ndikuganiza kuti ndi kampani ya mbewu ija, paja sanakondwe ndi mmene chinamerera chimanga cha kuseri kwa njanji. Kalata yakonso sindikuiona pa chitseko cha firiji pomwe ndinaimata, kaya ndaiika pati, ukalambawu.

Undiuze, kodi shugayo amavulala kwambiri kuposa mchere? Ndipo ngati mpira ukuterera, uzipukuta m'manja usanaugwire.

Mayi ako

* * *

Brannock
Lamulungu, 24 Ogasiti

Amayi ndi Ababa,

Moni nonse. Makolache anafika dzulo, anatha dzulo lomwelo. Musandidzudzule, Otis Whitlow yekha anadya asanu ndi atatu. Ndi mnyamata wa ku Tulsa yemwe ali pa msomali wapamwamba wa takulo wakumanzere. Ndi wamkulu ngati chitseko cha khola koma mapazi ake ndi opepuka, ndipo kunena chilungamo ine sindingamuchotse pamenepo ngakhale atandipatsa zaka zina zitatu.

Za usenta zija, si zoipa kwenikweni. Kuyambira Lachitatu mpira sunagwe ngakhale kamodzi. Komanso kupatsira mpirako ndi ntchito yaing'ono chabe. Zaka zonsezi ndimangomva senta akutchula mawu n'kumvera, osaganizako kuti amawatenga kuti. Tikafika pamzere ine ndimayang'ana mmene adani aimira, ndimawawerenga, kenako ndimatchula liwu limodzi, ndipo anzanga anayiwo aliyense amadziwa munthu wake womutchinga. Ndikalakwitsa ine talakwitsa tonse asanu, woponya agwetsedwa. Kaya bwanji, ine ndimaona msanga. Zili ngati posankha nkhumba zokagulitsa, Ababa, umaidziwa yomwe ikufuna kuthawira pachipata isanasunthe n'komwe.

Lachinayi kathabwa kanga kanakwera pa msomali wapamwamba, ka Stoll kanatsika. Musauze anthu, kukadali masabata atatu, ndipo a Dunlap amasuntha timatabwa akangoyetsemula. Koma a Leonard mukhoza kuwafunsa ngati angadzadyetse nkhumba pa 13, bondolo likalola.

Amayi, shuga ndi mchere amavulala chimodzimodzi. Kampani ya mbewuyo ndikuimvera chisoni. Mundiuze ikayankha.

Lyle

* * *

Brannock
Lachitatu, 27 Ogasiti

Achemwali Marcy,

Muli bwanji, ndi alamu, ndi ana? Ndikulembera inu chifukwa kunyumba sindingathe, ndipo musawauze.

Lolemba ndinali senta woyamba. Lolemba lomwelo masana a Dunlap anandigogoda pachisoti n'kunena kuti, "Zake ndi zimenezo," ndipo kwa iwo kumeneko n'kuyamikira kwa chaka chonse. Dzulo m'mawa ndikupita pa bolodi, pa senta pali Stoll. Ndikuyang'ana pansi pake, palibe ine. Ndinadzipeza komwe ndinachokera, pansi pa Whitlow, pa msomali wanga wakale wadzimbiri womwe uja.

Ndinawatsatira mpaka pabwalo.

"Kochi, ndalakwa chiyani?"

"Palibe."

"Nanga bwanji mwandichotsa?"

"Munthu wosafuna mpira sindimupatsa mpira. Ukadandiuza wekha, Vavra, ndiwe munthu wamkulu." Analiza wezulo n'kumapita.

Ndikadawauza chiyani? Masiku awiri ndakhala ndikufufuza m'mutu. Sabata yoyamba ndinadandaula, inde, koma kwa ndani? Kwa Whitlow kamodzi, pa chakudya, ndipo iye akamadya samva. Ndinamufunsa Stoll ngati anapita kukanena china chake, analumbira pali agogo ake akumanda, ndipo nkhope yake inali yodabwa kuposa yanga. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi akuti ndimalankhula kutulo, ndinachita mantha, koma akuti ndimangoitana nkhumba.

Zikundiwawa, achemwali. Sindimadziwa kuti ndikuwafuna chonchi malo aja mpaka atandichotsa. Choipitsitsa n'chakuti Lamulungu ndinalembera Ababa kuti akonzekere za pa 13. Mukapita kunyumba mundionereko mmene zinthu zilili, koma pakamwa mutseke. Ndikudziwa kuti kwa inu imeneyo ndi ntchito yolemetsa.

Mlongo wanu,
Lyle

* * *

Skala
28 Ogasiti

Lyle,

Tili bwino. Mvula sinagwenso. Nkhumba yaikazi yofiira ija yabereka ana khumi ndi mmodzi, awiri anafa.

Kalata yako yachiwiri ndawerenga. Ukudzilimbitsa mtima kuti mayi ako asadandaule, ndikudziwa. "Si zoipa kwenikweni" ndi zomwe ndinanena ine matalala atasasantha chimanga mu '78.

Kukhala woyamba pa malo a Bud Hruska si kukhala woyamba. Usamadzichepetse kwa mnyamata wa ku Tulsayo. Munthu wodya makolache asanu ndi atatu sangathamange.

Usade nkhawa. Zikukonzedwa. Leonard wavomera. Tibwera pa 13.

Bambo ako,
E. Vavra

* * *

Skala
Lamulungu, 31 Ogasiti

Iwe Lyle,

Ana ali bwino, alamu ako ali bwino, ine ndiye sindili bwino, ndipo usanawerenge izi uyambe wakhala pansi.

Lero tinakadya kunyumba pochokera ku tchalitchi. Ndinalowa nditamanga pakamwa monga unanenera, ndinapeza Ababa akuimba mluzu. Ababa amenewa. Tisanapemphere n'komwe anatulutsa envulopu m'thumba la malaya, pakona pali chizindikiro cha koleji yanu, n'kuyamba kuwerenga ataimirira:

"Bambo Vavra, kalata yanu ndalandira, pamodzi ndi ya mwana wanu yomwe munaikamo. Ndachita monga mwapempha. R. Dunlap."

Anawerenga kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono kuti alamu ako amve bwino. Amayi anangoti, "Ooo, ndiye kalata ya pa firiji ija," kenako n'kundifunsa ngati zikutanthauza kuti wabwereranso kukhala mchere. Ine zamcherezo sindikuzidziwa ndipo sindinafunse.

Ndiye amene ukumufunafunayo si Stoll, si tulo takonso. Ndi bambo ako, ndi pepala labwino la Amayi. Analembera kochi wako kuti mwana wawo ndi takulo, malo apakati sakuwafuna koma ndi waulemu kwambiri sangathe kunena yekha, umboni ndi uwu, n'kuikamo kalata yako yoyamba ija. Akuti anadula mzere kunsi kwa mawu ena ndi pensulo ya ukalipentala kuti kochiyo asavutike kufufuza.

Ndinayesako. Ndinati, "Ababa, nanga ngati pa takulopo pali kale wina?"

"Ndiye asunthe."

"Nanga ngati Lyle amapakonda pakatipo?"

"Unawerenga kalata yake yoyamba?"

"Inuyo yachiwiri munaiwerenga?"

"Marcy, patsira mwamuna wako mbatatesi."

Ayambiranso kupita kwa Rita. Tauni yonse ikudziwa kuti Emil Vavra analembera kochi wa ku koleji ndipo kochiyo anamvera. A Leonard akuti ndiye alemberenso ku Washington za mtengo wa chimanga.

Ndawakwiyira, koma nawenso ndakukwiyira. Iwe ukamva kuwawa umadzaza pepala, ukakondwa umati "si zoipa". Munthu adziwa bwanji? Ndiuze chochita msanga. Pakamwa pangapa ukupadziwa, sipangapirire mpaka kalekale.

Marcy

* * *

Brannock
Lachisanu, 5 Seputembala

Achemwali,

Moni kwa nonse. Kalata yanu inachedwa ndi holide ya Lolemba, yafika dzulo. Ndinaiwerenga nditaimirira, ndinakhala pansi pambuyo pake.

Foni anaitulutsa m'kabati, ndiye ndinaimba kunyumba nthawi yomweyo, mawu onse nditawakonza. Anayankha Ababa. "Halo? Halo? Ndani? Kwezani mawu." Paja thirakitala inawatha makutu. Nditaganiza zokuwa pakhonde lodzaza anyamata kuti bambo anga andichotsetsa pa timu yoyamba, ndinangobwezera foni pamalo pake.

Lero m'mawa ndinakagogoda ku ofesi ya a Dunlap. Zaka zitatu sindinalowemo. Makalata awiriwo anali mu dirowa, anawatulutsa n'kuwaika pa tebulo. Mzere wa pensulo uli kunsi kwa "sindikuwafuna ngakhale pang'ono", ndipo anatsindika moti pepala linabooka.

"Dzanja ili ndi lako?"

"Ndi langa, Kochi. Koma ndinalemba kampu itangoyamba."

"Lero ukuti bwanji?"

Ndinatsala pang'ono kunena kuti si zoipa. Ndinadzigwira. "Ndikuwafuna malo aja, Kochi. Ndikuwafuna kwambiri."

"Zaka zitatu, aka n'koyamba kukumva ukufuna chinthu."

Ndinayesa atenga kathabwa pomwepo. Ayi ndithu. Anawerenga pa zala masiku omwe Stoll wakhala ndi anayi aja, anakwana khumi. Akuti iwo pamzere safuna anthu asanu abwino koma anthu asanu ozolowerana, ndipo Stoll sanalakwe kanthu koti amuchotsere chifukwa choti banja la a Vavra lasintha maganizo. Andibweza pa senta, koma pa msomali wapansi. Sabata yamawa tizisinthana ndi Stoll, ndipo Lachinayi adzapachika asanu omwe ayambe pa 13.

Ndikutuluka anati, "Bambo ako amalemba bwino. Uwauze asadzandilemberenso."

Ndiye musawauze kanthu Ababa mpaka Lachinayi. Ndikapambana, palibe chifukwa choti adziwe. Ndikalephera, kaya. Ndawakwiyira moti chakudya sichikutsika, Whitlow ndiye akundithandiza. Komabe ndikaganiza iwo atakhala pa tebulo ndi pensulo ija, kufunafuna mawu oti alembere munthu yemwe sanamuonepo, mkwiyowo sukhazikika. Sindikudziwa kuti ndizimva bwanji.

Lyle

* * *

Skala
Lachiwiri, 9 Seputembala

Lyle mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo ukudya. Kuno m'thupi tili bwino, koma m'nyumba muno palibe akulankhula ndi mnzake, ndipo ine sindikudziwa kuti ndili mbali iti poti nkhani yake sindikuimvetsa.

Lamulungu Marcy anawatsatira bambo ako ku shedi ya thirakitala n'kutseka chitseko. Kwa nthawi yaitali ndimangomva mawu a Marcy okha. Anatuluka maso ali ofiira, akuti wawauza kuti uli pa benchi chifukwa cha iwo. Dzulo ndi pomwe kalata yako yamufika yoti asanene kanthu, wabwera nayo kuno akulira kuti wanena kale. Ine ndinaiwerenga, poti inali pa tebulo, ndipo tsopano ndasokonezeka zenizeni. Marcy anawauza bambo ako kuti uli pansi pa wa ku Tulsa. Kalatayo ikuti uli pansi pa Stoll. Bambo ako akuti zonsezo ndi njira za makochi zoyesera munthu mtima, pa 13 udzayamba pa takulo, poti kochiyo analemba ndi dzanja lake kuti wachita monga anapempha. Ndiye mwana mmodzi ali malo atatu. Zinthu za pa tebulo zija ndazibweza m'kabati.

Koma bambo ako ndimawadziwa. Kwa Rita asiyanso kupita. Dzulo madzulo anadyetsa nkhumba kawiri, ataiwala kuti adyetsa kale. Kalata yako yachiwiri ija ndinaipeza mu pikapu itapindikapindika, ndipo sabata yatha siinali m'menemo.

Ndinawafunsa kuti, "Emil, tikupitabe?"

Anati, "Leonard anavomera kale."

Agula matayala awiri atsopano, abwerekanso magalasi oonera patali kwa ansembe athu. Tinyamuka Loweruka folo koloko m'mawa, akuti ndi ulendo wa maola asanu ndi limodzi. Marcy akuti sabwera, sangakhale nawo m'galimoto imodzi nthawi yonseyo wina osamutsitsa mnzake panjira.

Chonde undiuze chinthu chimodzi chokha. Tikakhala pamipando ija, ndiyang'ane pati? Nambala ikadali 74?

Mayi ako

* * *

Brannock
Lachinayi, 11 Seputembala

Amayi ndi Ababa,

Moni. Kalata yanu, Amayi, yafika lero masana. Timatabwa apachika lero m'mawa. Ayamba ndi Stoll.

Sabata ino ndinachita zonse zomwe ndikadatha. Mpira sindinagwetse, mawu ndinalakwitsa kamodzi kokha, Stoll kawiri. A Dunlap anandiitana okha, zomwe sachitachita. Anati tikadakhala ndi sabata ina mwina zikadasiyana, koma anayi aja azolowera liwu la Stoll, ndipo iwo sasintha liwu kutatsala masiku awiri. Akuti ndikhale wokonzeka. Amatero kwa aliyense.

Ababa, munati mudzabwera ndikadzayamba. Sindikuyamba, ndiye musavutike, maola khumi ndi awiri pamsewu ndi ambiri. Ndikudziwa kuti kalatayi mwina ifika mutanyamuka kale. Foni ili pakhonde pomwepa, ndaiyang'ana kangapo. Mwina n'chifukwa chake ndikulemba.

Amayi, nambala ndi 74 yomweyo. Mukabwerabe, muyang'ane m'mbali mwa bwalo. Ndidzakhala nditaima pafupi ndi a Dunlap, chisoti chili m'manja.

Mwana wanu,
Lyle

* * *

Skala
15 Seputembala

Lyle,

Tinafika bwino. Nkhumba zili bwino, kungoti Leonard anaiwala kutseka mpopi umodzi. Kalata yako ya Lachinayi tinaipeza m'bokosi titabwerako. Ikadafika msanga tikadabwerabe.

Ku lesitilanti komwe tinakadya nawe masewero atatha, tinakamba za chimanga ndi za matayala. Ndinali ndi zina koma sizinatuluke. Mayi ako andipatsanso pepala.

Nditaona kuti pa takulo walowa wa ku Tulsa, ndinamuyang'ana kanthawi. Ndi wabwino. Unanena zoona. Kenako ndinatembenuzira magalasi a ansembe kwa Stoll, ndipo sindinawachotsenso. Ndimayembekeza kuona mwana wongowerama. Ndinaona mnyamata akufika pamzere, akuloza, akutchula mawu, anthu anayi akuluakulu atamutchera khutu, ndi wa ku Tulsa yemwe. Palibe amasuntha iye asanasunthe. Ndinawerenga. Anagwira mpira maulendo 68. Nthawi yathu sizinali choncho, kapena zinali choncho ine osaona, poti ndinali kumapeto.

Kawiri analakwitsa, woponya anagwetsedwa. Ulendo wina adani ataimanso chimodzimodzi, ndinakuyang'ana iwe m'mbali mwa bwalo. Mpira usanachoke unali utaloza kale munthu wina, milomo yako ikuyenda. Yemweyo ndi amene anadutsa.

Mayi ako akuti munapambana 17 kwa 10. Ine sindinaone.

Ndimafuna kulembera kochi wako kuti wolakwa ndine. Marcy wabisa masitampa, wandipatsa imodzi yokhayi, ndipo adilesi walemba yekha. Akuti chomwe ndingakuchitire n'kusachita kanthu. Ndikuyesa. N'kovuta kuposa mmene ndimaganizira.

Malo aja anali ako, Lyle. Unawapeza wekha, ndipo wakulanda ndine. Pepa, mwana wanga.

Bambo ako